Mimba, chiuno ndi msana wa wosambira pa mpikisano: mafunso ndi mayankho

Ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata kusambira kuno ku Mzuzu kwa zaka zingapo, ndipo mafunso okhudza mimba ndi amene satha. Mnyamata amandikokera pambali n'kufunsa za six pack. Mtsikana amadandaula kuti msana ukumuwawa akasambira butterfly, kasambiridwe koponya manja onse awiri kutsogolo nthawi imodzi. Tsiku lina kunabwera mayi kudzandifunsa chimene mwana wawo wayambira kusiya nsima m'mbale. Mayankho ali m'munsiwa ndi omwe ndimapereka pamaso, kungoti pano ndawatambasula. Ndikulankhula ndi inu amene mukufuna kupikisana, kaya pa mpikisano wa masukulu kaya mukulota zodzaimira dziko, komanso ndi makolo anu.

Mukamanena za mphamvu za pakati pa thupi, mukutanthauza mimba basi?

Mimba ndi mbali imodzi chabe. Makochi akamati core amanena chigawo chonse kuyambira m'munsi mwa nthiti mpaka m'chiuno, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo komwe. Kutsogolo kuli mnofu wautali wotchedwa rectus abdominis, wochokera ku nthiti kutsika mpaka pafupa la m'munsi mwa mchombo. Umenewu ndi umene umaoneka timabokosi pa anthu ena, timene amati six pack. M'mbali muli ma oblique, amene amapotoza thupi komanso kuliletsa kupotoka. M'kati mwenimweni muli transversus abdominis, wozungulira mimba ngati chitenje chomangidwa zolimba. Kumbuyo kuli minofu yotsata msana, m'munsi mwake matako, ndipo pamwamba pali diaphragm, mnofu umene timapumira.

Mukafuna kuiona ikugwira ntchito yonse pamodzi, dzukani m'mawa muime pamene anthu amatunga madzi ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa. Muone mayi atasenza ndowa ya malita 20, akutsika kamtunda koterera, madzi osatayika. Mimba yawo sikupindapinda ngati ya munthu wochita ma sit-up. Yangolimba, yagwira msana kuti usagwedezeke pamene miyendo ikuyenda. Ntchito imeneyo ndi imene wosambira akuifuna.

Koma si manja ndi miyendo zimene zimasambira? Mimba ikulowapo bwanji pa liwiro?

Wothamanga amaponda pansi. Wampira amaponda pansi. Wosambira alibe poponda, kupatula podumphira ndi pakhoma potembenuka. Dzanja likamakoka madzi limafuna potsamira, ndipo potsamira pake ndi thunthu la thupi lanu lomwelo. Thunthulo likakhala lofooka, mphamvu ya dzanja imathera kugwedeza chiuno uku ndi uku m'malo mopititsa thupi kutsogolo. Zili ngati njinga ya Sacramento yokhwepa tcheni: mnyamata akupalasa thukuta lili kamukamu, koma tayala silikulandira mphamvu yonse.

Chachiwiri ndi madziwo. Madzi ndi olemera kuposa mpweya kuwirikiza pafupifupi ka 800, ndipo liwiro lanu likawirikiza kawiri, mphamvu imene madzi amakubwezerani nayo m'mbuyo imawirikiza pafupifupi kanayi. Choncho kampata kalikonse kamene thupi lapindika, madzi amakagwira. Tsoka lake, thupi la munthu silinapangidwe kuti ligone lowongoka pamadzi. Chifuwa chimayandama chifukwa m'mapapo muli mpweya, pamene kulemera kwambiri kuli cha m'chiuno ndi m'miyendo. Mukangolekerera, miyendo imamira ndipo mumasambira ngati mukukwera chitunda. Asodzi a ku Nkhata Bay amadziwa kulemera kwa kupalasa bwato limene katundu wake waunjikana kumbuyo, mutu uli m'mwamba. Chimene chimakweza chiuno kuti chigwirizane ndi mapewa ndi minofu ya pamimba ndi ya matako, pamodzi ndi kaikidwe ka mutu.

Mpikisano wa mamita 50 freestyle, umene Joyce Tafatatha anasambira ku London mu 2012 ndi Tayamika Chang'anamuno ku Paris mu 2024, umatha mphindi isanakwane n'komwe theka kwa akatswiri, ndipo anthu amasiyana ndi tizigawo ta sekondi. Pa mtunda waufupi chotero, chiuno chomira chimakudyerani malo angapo.

Ndiye kuti amene ali ndi six pack ndi amene ali ndi mimba yamphamvu?

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse kuposa pena paliponse. Six pack ndi mphamvu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale nthawi zina zimapezeka pa munthu mmodzi.

Timabokosi tija aliyense ali nato. Mnofu wa kutsogolo uja uli ndi mizere yolimba yodutsa chopingasa, ndipo wina wotsika pakati, ndiye mnofuwo umatukumuka pakati pa mizereyo. Kuchuluka kwa mizereyo ndi kakhalidwe kake n'zobadwa nazo. Ena ali ndi timabokosi 4, ambiri 6, ena 8, ndipo kwa ena sitikhala moyang'anizana. Palibe masewera amene angasinthe zimenezo. Kuti tioneke, chachikulu n'chakuti mafuta a pansi pa khungu akhale ochepa. Mnyamata woonda amene sanagwirepo plank akhoza kukhala ndi six pack yooneka bwino, ndipo ndawaonapo otere akulephera kukhala owongoka m'madzi ngakhale mamita 10. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mbali inayo, pali osambira amene mimba yawo ndi yosalala koma akakankha khoma amapita ngati muvi. Mafuta pang'ono sali mdani wa wosambira ngati mmene anthu amaganizira. Amathandiza kuyandama ndipo amasunga kutentha, chimene aliyense wolowa m'madzi a ku Mzuzu mu Juni amachiyamikira. Anthu osambira mitunda italiitali m'madzi ozizira, monga owoloka English Channel pakati pa England ndi France, kawirikawiri amakhala ojintcha ndithu.

Zithunzi za akatswiri zimene mumaona pa Facebook ndi TikTok n'zoona, ambiri a iwo mimba zawo zimaoneka. Koma anthu amenewo amasambira makilomita ambirimbiri pa sabata kwa zaka zambiri, akudya kwambiri. Six pack inawapeza m'njira. Sanasale kudya kuti aipeze.

Ndikamachita ma sit-up 200 tsiku lililonse, mafuta a pamimba achoka?

Sachoka. Thupi silitenga mafuta pamalo pamene mnofu ukugwira ntchito, limatenga paliponse monga mwa chibadwa chanu, ndipo kwa amuna ambiri a pamimba ndi amene amachoka pomalizira. Ma sit-up ochuluka chotero amalimbitsa kwambiri minofu ya kutsogolo kwa chiuno, imene imakokera msana kutsogolo, komanso amapinda msana kambirimbiri popanda phindu. Nthawi imeneyo ndi bwino muisambire.

Nanga ndichite masewera ati?

Yambani ndi amene amaphunzitsa thupi kukana kupindika. Simufuna jimu. Mphasa kapena mkeka, chubu chakale cha tayala la njinga ndi chigubu cha madzi n'zokwanira.

Woyamba ndi plank, umene ambiri amaudziwa koma amauchita molakwika. Gonani chafufumimba, mudzuke ndi zigongono ndi zala za kumapazi. Finyani matako, kokerani nthiti m'kati, khosi liwongoke maso ali pansi. Mukauchita bwino, masekondi 20 mpaka 30 amakhala okwanira kukunjenjemeretsani. Amene amanyadira kuti amakhala mphindi 5 nthawi zambiri chiuno chimakhala chitagwa, akungolendewera pa mafupa a msana. Kenako tembenukirani cham'mbali, mutsamire chigongono chimodzi, thupi liwongoke kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Mbali zonse ziwiri zilandire nthawi yofanana, ndipo mudzazindikira kuti imodzi ndi yofookerapo, kawirikawiri mogwirizana ndi mbali imene mumapumira posambira.

Umene ndimaukonda kwambiri kwa osambira ndi hollow hold, chifukwa ndi streamline yochitira pamtunda, kutanthauza kuwongoka ngati muvi kumene wosambira amachita akakankha khoma. Gonani chagada, kanikizani msana wa m'munsi pamphasa kuti ngakhale chikhatho chisalowe, tambasulani manja kupitirira mutu, dzanja lina pamwamba pa linzake, mukweze mapewa ndi miyendo pang'ono. Msana ukangoyamba kunyamuka pamphasa, pindani mawondo kapena mupume. Mng'ono wake ndi dead bug: chagada chomwecho, manja kuloza kudenga, mawondo atapindidwa m'mwamba, n'kumatsitsa dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere pang'onopang'ono mukutulutsa mpweya, kenako kusintha.

Kumbuyo musakuiwale. Gwadani ngati mwana wokwawa, tambasulani dzanja limodzi kutsogolo ndi mwendo wa mbali inayo kumbuyo, mukhale choncho masekondi 10. Umenewu ndi bird dog. Yerekezani kuti pamsana panu aikapo kapu ya tiyi yodzaza. Stuart McGill, katswiri wa za msana wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, anaika bird dog ndi plank ya cham'mbali m'gulu la masewera atatu amene amalimbikitsa kwa anthu ofuna msana wolimba. Onjezani kukweza chiuno mutagona chagada mawondo ali opinda, kuti matako adzuke. Achinyamata amene amakhala pa desiki tsiku lonse matako awo amakhala ngati agona tulo.

Chubu chija chimangeni pa mzati kapena pa mtengo, molingana ndi chifuwa. Imani cham'mbali, chigwireni ndi manja awiri pachifuwa, muchikankhire kutsogolo. Chubu chidzafuna kukupotozani, inu mukane. Amautcha Pallof press. Pomaliza nyamulani chigubu cha malita 5 kapena 10 kudzanja limodzi, muyende mamita 20 osapendekeka, musinthe dzanja.

Mukakhwima pa amenewa, patatha milungu 6 kapena 8, ndi pamene mungayambe olimbirapo: kulendewera pa chitsulo n'kumakweza mawondo, kapena kuponya mpira wolemera kukhoma mopotoza thupi. Ndimakana kuti munthu ayambire pamenepa. Mwana sathamanga asanaime.

Kangati pa sabata?

Katatu, mphindi 15 mpaka 20. Sankhani masewera 4 kapena 5, aliwonse kawiri kapena katatu. Olimba muwachite mukatuluka m'madzi kapena tsiku lopuma kusambira, chifukwa kulowa m'dziwe mimba itatopa kale kumaphunzitsa thupi kusambira mopindika. Musanalowe m'madzi, dead bug ndi bird dog pang'ono zimakwana kudzutsa minofu. Masiku atatu kapena anayi mpikisano usanachitike, chepetsani.

Ndikachita plank ndimagwira mpweya. N'kulakwa?

Inde, ndipo kwa wosambira n'kulakwa kwakukulu. Diaphragm ili ndi ntchito ziwiri, kupuma ndi kuthandiza kulimbitsa thunthu. Ngati mumalimba pokhapokha mutagwira mpweya, ndiye kuti m'madzi mudzafooka nthawi iliyonse imene mwatembenuza mutu kuti mupume, ndipo ndi pomwepo pamene chiuno cha osambira ambiri chimagwera. Pa plank muziwerenga mokweza kapena muzilankhula ndi mnzanu. Mawu akakanika kutuluka, fupikitsani nthawi.

Kodi mitundu yonse inayi ya kasambiridwe imafuna mimba mofanana?

Yonse imaifuna koma mosiyana. Pa freestyle (chafufumimba) ndi backstroke (chagada) thupi limagudubuzika uku ndi uku ngati chipika pamadzi, mapewa ndi chiuno zikutembenukira limodzi. Apa ma oblique ndi amene ali pantchito. Onani wopalasa bwato wodziwa: nkhafi saikoka ndi mkono wokha, amapotoza thunthu lonse, n'chifukwa chake amatha kupalasa usiku wonse osatopa mapewa. Wosambira amene chiuno chake chimatsalira pamene mapewa atembenuka amayenda ngati njoka, ndipo miyendo imayamba kutayana ngati sizasi pofuna kubweza thupi.

Pa butterfly ndi breaststroke (kusambira ngati chule) thupi siligudubuzika, limayenda ngati funde, chifuwa kutsika chiuno kukwera. Apa minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo imalandizana. Vuto lofala ndi kudzutsa mutu kwambiri popuma, msana wa m'munsi n'kupindika ngati uta. Ndi pamene kupweteka kumayambira.

Bwanji makochi amalimbikira kwambiri za dolphin kick ya pansi pa madzi?

Dolphin kick ndi kumenya madzi ndi miyendo yonse iwiri pamodzi. Amailimbikira chifukwa kwa amene waidziwa, pansi pa madzi amathamanga kuposa pamwamba, poti kulibe mafunde omubweza. Pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988, David Berkoff wa ku America ankasambira mamita oposa 30 pansi pa madzi poyamba mpikisano wa mamita 100 backstroke, ndipo anaphwanya rekodi ya dziko lonse m'ndime yoyamba, ngakhale kuti mu fainolo anagonja kwa Daichi Suzuki wa ku Japan, amene nayenso ankachita zomwezo. Bungwe loyang'anira masewera a kusambira padziko lonse la FINA, limene kuyambira mu 2022 limatchedwa World Aquatics, linaika malire a mamita 10, kenako mu 1991 linawafikitsa pa mamita 15. Mu 1998 malire omwewo anafika ku butterfly ndi freestyle. Pa breaststroke, kuyambira mu 2005 amalola dolphin kick imodzi yokha poyamba ndi potembenuka paliponse.

Werengani nokha. M'dziwe la mamita 25, lamulo likukulolani kukhala pansi pa madzi mamita 15 pa ulendo uliwonse, kuposa theka la mpikisano. Michael Phelps, amene anatenga mendulo 8 zagolide ku Beijing mu 2008, ankasiya anzake ambiri potembenuka pakhoma.

Dolphin kick siyambira m'mawondo. Imayambira m'munsi mwa chifuwa, kudutsa m'chiuno, n'kukathera ku zala ngati chikwapu. Ana athu ambiri amangomenya kutsika, kukwera amakusiya, chifukwa msana ndi matako n'zofooka. Kuti mukonze, menyani mutagona chagada pamadzi manja ali mu streamline, mawondo asatulukire pamwamba. Menyaninso cham'mbali kuti mumve mbali zonse ziwiri. Ngati pali malo akuya, imani chilili m'madzi manja pachifuwa, mumenye masekondi 15, mupume, mubwereze ka 6. Chenjezo limodzi lokha, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse: musamapikisane kugwira mpweya pansi pa madzi, ndipo musamapume mofulumira kambirimbiri musanamire. Munthu amakomoka osamva chizindikiro chilichonse, ndipo osambira odziwa amwalirapo motero m'madzi osaya.

Kuno maiwe ndi ochepa, ndipo m'nyengo yozizira madzi salowereka. Titani?

N'zoona. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi, chifunga chitakuta m'mawa, mwana amatuluka m'dziwe milomo ikunjenjemera pasanathe mphindi 20. Dziwe la mamita 50 limene linamangidwa pokonzekera masewera a Region 5 a mu 2022 lili ku Lilongwe, ulendo wa tsiku pa basi. Anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ali ndi mwayi woposa wathu pa nkhani ya madzi.

Koma miyezi yozizirayi ndi imene ndimaigwiritsa ntchito kumanga thunthu. Nthawi ya m'madzi ifupike ndipo ikhale masana dzuwa litakwera, ya pamtunda italike. Mitunda tili nayo yambiri, ndipo kuthamanga pang'ono chokwera kumalimbitsa matako ndi mtima. Amene wagwira ntchitoyi mokhulupirika, pofika Seputembala madzi akafunda amapeza kuti thupi likugona pamwamba mosavuta.

Nyanja nayo ili pafupi, makilomita pafupifupi 50 kutsika ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko madzi ndi ofundirapo. Kusambira m'mafunde aang'ono kumaphunzitsa thupi kudzigwira. Koma musapite nokha, musapite kutali ndi gombe popanda bwato lokuperekezani, pewani pamene mitsinje imathira m'nyanja ndi m'mabango chifukwa cha ng'ona, ndipo mwera ukamawomba khalani kumtunda. Funsani asodzi a pamalopo, amadziwa madzi awo. Kumbukiraninso likodzo. Amene amasambira m'nyanja kawirikawiri azikayezetsa kuchipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo. Likodzo limachepetsa magazi, ndipo wosambira wochepa magazi amatopa msanga ngakhale achite plank yochuluka bwanji.

Ndisiye nsima kuti mimba ioneke?

Musasiye. Nsima, kondowole, mpunga wa Kilombero, mbatata, nthochi zophika, zimenezi ndiye mafuta a galimoto yanu. Wosambira wosala zakudya zopatsa mphamvu amayamba bwino mamita 50 oyamba, kenako manja amalemera ngati anyamula njerwa, ndipo chinthu choyamba kutayika akatopa ndi kuwongoka kwa thupi komwe tikukufunaku.

Chimene ambiri amapereweza ndi zakudya zomanga thupi. Akatswiri a kadyedwe ka ochita masewera amalangiza magalamu 1.2 mpaka 2 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu patsiku. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti akufunika magalamu 72 mpaka 120. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho mazira awiri a m'mawa sathetsa nkhani. Mwayi wathu ndi wakuti mumsika wa Mzuzu usipa suvuta, ndipo poti timadya ndi minga yomwe, umapatsanso kashiamu wolimbitsa mafupa. Onjezani nyemba, soya pieces, mtedza, chambiko, ndipo muzigawe pa chakudya chilichonse m'malo mounjika madzulo. Magulu 6 a zakudya amene tinaphunzira kusukulu aja akugwirabe ntchito. Mukatuluka m'madzi musadikire mpaka usiku: nthochi ziwiri ndi mtedza wodzaza dzanja, kapena mbatata ndi kapu ya mkaka, zikwana.

Ngati pali zochepetsa, ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tchipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku, ndi mowa kwa akuluakulu. Madzi akumwa muzibwera nawo kudziwe. M'madzi timatuluka thukuta, kungoti silioneka.

Mwana wanga wamkazi wayamba kudya pang'ono kuti akhale ndi mimba ngati ya akatswiri. Ndide nkhawa?

Inde mayi, ndipo mwachita bwino kuziona msanga. Thupi la mtsikana limafuna mafuta ochulukirapo kuposa la mnyamata, ndipo akamakula chiuno ndi mimba zimasintha mwachibadwa. Pa msinkhu umenewu liwiro lake m'madzi likhoza kuleka kuwonjezeka kwa kanthawi, ndipo atsikana ambiri amaganiza kuti vuto ndi kunenepa. Akayamba kudya mochepera mphamvu zimene akugwiritsa ntchito, thupi limayamba kutseka ntchito zina kuti lipulumuke. Mu 2014 komiti ya Olimpiki ya dziko lonse inatcha vutoli RED-S, ndipo limagwira anyamata omwe.

Zizindikiro zake ndi izi: msambo kudumphadumpha kapena kusiya, kutopa kosatha, kumva kuzizira nthawi zonse, kudwaladwala chimfine, kukwiya msanga, kuvulala pafupipafupi, ndi nthawi za mpikisano kubwerera m'mbuyo ngakhale akulimbikira. Msambo ukasiya miyezi itatu, si chizindikiro chakuti mwana walimba. Pitani naye kuchipatala, chifukwa zaka zimenezi ndi zimene mafupa ake akumangidwa, ndipo zimene wataya pano n'zovuta kuzibweza.

Polankhula naye musamukalipire, ndipo musamukakamize pagulu. Khalani naye pansi, kapena mutume azakhali ake amene amamasuka nawo. Kwa makochi anzanga ndikupempha chinthu chimodzi: tisamayeze ana pa sikelo pamaso pa anzawo, ndipo tisamanene za thupi la mwana wa mwini ngati nthabwala. Mawu amodzi a kochi amakhala mumtima mwa mwana zaka zambiri.

Wanga ali ndi zaka 10. Masewera amenewa sangamupinimbiritse?

Ayi bambo. Masewera olimbitsa thupi ochitidwa moyenera, wamkulu akuyang'anira, salepheretsa mwana kukula. Pa msinkhu umenewu asakhale a chisilikali: kukwawa ngati chimbalangondo, wilibala ya awiriawiri, kukwera mtengo, phada, fulaye, kuimirira ndi manja kukhoma. Za six pack asazimve n'komwe.

Msana wa m'munsi umandiwawa ndikasambira butterfly kapena ndikagwiritsa kickboard. Ndipitirize?

Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pakapita masiku awiri kapena atatu n'kwabwinobwino. Kumene mukunenaku nthawi zambiri kumachokera ku msana wopindika mopitirira. Ndi kickboard, bolodi logwira m'manja pomenya miyendo, mutu umakhala m'mwamba chiuno pansi, ndiye yesani kumenya miyendo popanda bolodi, nkhope ili m'madzi kapena muli chagada. Chepetsani butterfly kwa milungu iwiri, limbikirani dead bug ndi kukweza chiuno, ndipo tambasulani minofu ya kutsogolo kwa ntchafu pogwada bondo limodzi.

Koma pali kuwawa kumene sikufuna kochi, kukufuna dokotala. Ngati wachinyamata akumva kubaya pamalo amodzi akapindikira kumbuyo ndipo kwatha milungu iwiri osasintha, likhoza kukhala fupa la msana limene lachita mng'alu chifukwa chopindidwa mobwerezabwereza. Ngati ululu ukutsikira kumwendo, mwendo ukuchita dzanzi kapena kufooka, kapena ululu ukukudzutsani usiku, siyani kusambira mukaonane ndi dokotala kapena a fizio. Ngati mkodzo kapena chimbudzi zikuvuta kugwira, pitani tsiku lomwelo.

Nanga malamba otulutsa thukuta, tiyi woondetsa ndi mapiritsi amene amagulitsidwa pa WhatsApp?

Lamba amachotsa madzi, mukamwa amabwerera. Tiyi woondetsa nthawi zambiri amangotsegula m'mimba. Kwa wopikisana palinso ngozi ina: zinthu zoterezi zina zimakhala ndi mankhwala okodzetsa kapena ena oletsedwa ndi WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala obera pamasewera padziko lonse, osalembedwa pa botolo, ndipo lamulo limati chimene chapezeka m'thupi mwanu ndi mlandu wanu ngakhale munamwa mosadziwa. Ndalama imeneyo gulani usipa ndi mazira.

Ndidziwa bwanji kuti zikuthandiza, ngati galasi silikundiuza?

Madzi ndi amene akuuzeni. Tengani kope laling'ono mulembe zinthu zinayi lero.

Choyamba, kankhani khoma mu streamline osamenya miyendo, muone pamene mwaimira, mnzanu aike mwala kapena botolo m'mbali mwa dziwe. Chachiwiri, werengani kuti manja akukoka kangati pa mamita 25 mukusambira mwa liwiro lapakati, ndipo muwerengenso pa ulendo womaliza mutatopa. Kusiyana kwa manambala awiriwo kumaonetsa mmene thupi likumasukira mukatopa, ndipo ndi kumene ndimakuyang'anitsitsa kuposa zonse. Chachitatu, mnzanu akutengereni nthawi ya dolphin kick kuchokera pakhoma kufika mamita 10. Chachinayi, akujambuleni kanema pa foni ataima kumapeto kwa dziwe inu mukubwera. Yang'anani ngati chiuno chikupita uku ndi uku, ndi ngati zidendene zikufika pamwamba pa madzi.

Pamtunda, tengani nthawi ya plank ya cham'mbali kumanja ndi kumanzere, ndi ya hollow hold mpaka pamene msana wanyamuka pamphasa. Lembani deti. Bwerezani zonsezi pakatha milungu 6, m'dziwe lomwelo, nthawi yomweyo ya tsiku, ndipo mubwere ndi kopelo tidzaone limodzi masewera oti tiwonjezere ndi oti tichotse.